Mbewu sasungira m'nkhokwe imodzi: kuteteza kaundula wa m'maofesi a kumafamu

M'zigawo zitatu za Mashonaland m'dziko la Zimbabwe, maofesi ang'onoang'ono ambiri omwe amathandiza anthu a kumafamu adasiya kudalira mabuku okha polemba kaundula wawo. Makalabu a alimi a fodya, nthambi za mabungwe a anthu apantchito, zipatala zazing'ono, sukulu ndiponso mabungwe omwe si aboma tsopano amalemba zambiri pa kompyuta. Pomwe pali makompyuta atatu kapena anayi, kawirikawiri pamakhala imodzi yotchedwa seva, momwe ogwira ntchito onse amatulira zolemba zawo. Ichi ndi chitukuko chokondweretsa, komatu chabwera ndi ngozi yake. Zomwe kale zinkakhala m'mabuku makumi awiri lero zaunjikidwa m'kabokosi kamodzi, ndipo kabokosiko kakafa, zonse zimafera limodzi.

Mankhwala a vutoli ndi kusunga makope a zolembazo pamalo ena, chomwe akatswiri a makompyuta amachitcha backup. Koma sikuti kope lililonse lingapulumutse ofesi. Kope lodalirika ndi lomwe lili kutali ndi seva, silidalumikizidwe ku magetsi kapena ku netiweki, ndipo wina adaliyesapo n'kuona kuti likutseguka.

Kaundula wa kumafamu si mapepala wamba

Anthu ambiri okhala m'makomboni a ku Mvurwi, Bindura, Banket, Karoi ndi Marondera ndi ana ndi zidzukulu za anthu omwe adachoka ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia m'nthawi ya atsamunda. Ena adabwera paokha, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito lomwe linkadziwika kuti Mthandizi. Ambiri a iwo adabadwira pafamu, adakulira pomwepo, ndipo alibe mudzi m'Zimbabwe komwe mfumu ingawaikire umboni. Kwa anthu otere, dzina lawo limapezeka m'malo owerengeka chabe: m'buku la malipiro, pa khadi la kusikelo, m'kaundula wa sukulu, kapena m'buku la ubatizo.

Kafukufuku yemwe Lloyd Sachikonye adalembera bungwe la Farm Community Trust of Zimbabwe m'chaka cha 2003 adaonetsa kuti ntchito yogawanso malo mofulumira isadayambe mu 2000, m'mafamu akuluakulu a alimi pafupifupi 4,500 munkagwira ntchito anthu apakati pa 320,000 ndi 350,000. Mafamu atasintha manja, ambiri mwa anthuwa ntchito idawathera. Lamulo la Statutory Instrument 6 la 2002 lidati ochotsedwa ntchitowo alandire malipiro otsazikira, ndipo gawo lina la malipirowo linkawerengedwa potsata zaka zomwe munthu adagwira. Apa buku la malipiro lidasanduka mboni yaikulu, ndipo yemwe buku lake lidasowa adatsala ndi mawu apakamwa okha.

Nkhani ya unzika nayo idayenda njira yomweyo. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu omwe makolo awo adachokera kunja adauzidwa kuti akane unzika wa dziko la makolowo pasadathe miyezi isanu ndi umodzi. Ambiri a kumafamu sadamve, sadathe, kapena adalibe zikalata zoyambira, ndipo adayamba kuwerengedwa ngati alendo m'dziko lomwe adabadwira. Malamulo aakulu a dziko a 2013, m'ndime 43, adabwezera unzika kwa iwo obadwira m'Zimbabwe omwe kholo lawo lidali nzika ya dziko lina la m'bungwe la SADC. Komabe ufulu umenewu umafuna umboni wa kubadwa. Mu 2021 bungwe la Amnesty International lidafalitsa lipoti lonena za anthu opanda dziko m'Zimbabwe, momwe lidatchula chiwerengero cha bungwe la UNHCR choti anthu pafupifupi 300,000 adali pachiopsezo chotere. Pomwe boma lidayendetsa kalembera woyendayenda wa zitupa ndi makalata akubadwa kuyambira Epulo mpaka Sepitembala 2022, chomwe munthu ankafunika kubwera nacho chidali umboni womwewo.

Choncho mlembi wa paofesi ya kumafamu akamalemba dzina la mwana, tsiku lake lobadwa ndi dzina la mayi ake, akusunga chinthu chomwe chingadzafunike patatha zaka makumi awiri. Kompyuta yomwe akulembapoyo sidzakhala moyo zaka zonsezo.

Adani a seva ya kumafamu

Njira yabwino yosungira makope imasankhidwa poyang'ana adani enieni a pamalopo. Mdani woyamba ndi magetsi. Mu 2019 madzi atatsika m'nyanja ya Kariba, madera ambiri a m'Zimbabwe ankakhala opanda magetsi mpaka maola 18 patsiku. Vutoli lidabwereranso kumapeto kwa 2022, pomwe bungwe la Zambezi River Authority lidalamula kuti makina opangira magetsi a mbali ya Zimbabwe ayambe aima chifukwa gawo lawo la madzi lidali litatha. Seva ikazima mwadzidzidzi ili mkati molemba, fayilo imatha kuonongeka, ndipo magetsi akamabwerera mwamphamvu amatha kuotcha zam'kati. Jenereta yosakonzedwa bwino nayo imachita chimodzimodzi.

Mdani wachiwiri ndi mphezi. Kuyambira Novembala mpaka Malichi mphezi zimagwa kawirikawiri m'madera okwera a Mashonaland, ndipo mphamvu yake imayenda m'mawaya a magetsi ndi a netiweki mpaka kulowa m'chipangizo chilichonse cholumikizidwa. Wachitatu ndi fumbi ndi kutentha, zomwe zimafupikitsa moyo wa disiki. Wachinayi ndi akuba, moto ndi denga lodontha. Palinso vuto lomwe anthu a kumafamu amalidziwa bwino kuposa ena: ofesi yomwe ili pamalo a eni ake ikhoza kuuzidwa kusamuka popanda nthawi yokwanira yolongedza.

Mdani wina ndi wosaoneka. Pali mtundu wa vayirasi wotchedwa ransomware womwe umatseka mafayilo onse, kenako eni vayirasiyo n'kufuna dipo kuti atsegule. Mu Meyi 2017 vayirasi ya WannaCry idagwira makompyuta m'maiko oposa 150, ndipo idasokoneza ngakhale zipatala za boma ku England. Kufupi kuno, mu Febuluwale 2024, Lazarus Chakwera, yemwe adali mtsogoleri wa dziko la Malawi panthawiyo, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali a pa intaneti adalowerera makina opangira mapasipoti ndipo ankafuna dipo. Ntchito yopereka mapasipoti idaima kwa masabata angapo. Ngati nthambi ya boma ingaime chonchi, ofesi ya kalabu ya alimi isadzinamize kuti ndi yaing'ono kwambiri moti palibe angaiganizire, pakuti vayirasi sisankha.

Potsiriza pali dzanja la munthu. Mlembi wotopa amafufuta chikwatu cholakwika, kapena amalemba zatsopano pamwamba pa zakale. Izi zimachitika kawirikawiri kuposa moto ndi mphezi.

Zomwe zimaoneka ngati chitetezo koma sichili

Maofesi ambiri amakhulupirira kuti ali ndi makope pomwe alibe. Kukopera mafayilo m'chikwatu china pa seva yomweyo kuli ngati kugawa chimanga m'matumba awiri n'kuwasiya m'nyumba imodzi ya udzu. Moto ukabuka, matumba onse apsa.

Ogulitsa makina amakonda kutamanda njira yotchedwa RAID, pomwe seva imakhala ndi madisiki awiri olemba zofanana nthawi imodzi. Njirayi imathandiza disiki imodzi ikafa, chifukwa ntchito siima. Koma fayilo ikafufutidwa pa disiki yoyamba, imafufutikanso pa yachiwiri nthawi yomweyo, ndipo mphezi, wakuba kapena vayirasi zimatenga onse awiri.

Disiki yakunja yomwe imakhala yolumikizidwa ku seva usana ndi usiku ilinso m'ngozi yomweyo. Nayo fulashi ya m'thumba la mlembi si nkhokwe: imasowa msanga, imafa popanda chenjezo, ndiponso ndiyo imanyamula mavayirasi kuchokera m'makompyuta a m'matauni. Pomaliza, chikwatu chomwe chimadzifananiza chokha ndi Google Drive kapena OneDrive chimatsanzira zabwino ndi zoipa zomwe. Chofufutidwa muofesi chimachokanso kumeneko, ndipo pa Google Drive zotayidwa zimachotsedweratu pakatha masiku 30.

Lamulo la 3-2-1

Mlimi wanzeru sasungira mbewu yake pamalo amodzi. Ina amaimangirira pamwamba pa moto kuti utsi uziingitsa anankafumbwe, ina amaiika m'nkhokwe, ndipo ina amakasungitsa kwa m'bale wake kutsidya kwa mtsinje. Nzeru yomweyi ndiyo ili m'lamulo lomwe akatswiri amalitcha 3-2-1, lomwe lidatchuka kudzera m'zolemba za Peter Krogh, katswiri wojambula zithunzi wa ku America. Lamuloli limati zolemba zofunika zikhale m'makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi ofesi.

Kwa ofesi yaing'ono ya kumafamu, kope loyamba ndi seva yeniyeniyo. Lachiwiri likhale pa madisiki akunja awiri osinthana. Lachisanu lililonse mlembi alumikize disiki yoyamba, akopere zonse, aichotse, ndipo munthu wosankhidwa apite nayo kumalo ena okhoma, monga ku ofesi ya mishoni, ku sukulu ina kapena ku likulu la bungwe m'tauni. Sabata yotsatira ibwere disiki yachiwiri. Chofunika kwambiri n'chakuti madisiki awiriwa asagone m'chipinda chimodzi ndi seva usiku umodzi.

Kukula kwa disiki si vuto. Tsamba limodzi lojambulidwa bwino likatenga 500 KB, masamba 20,000 amatenga pafupifupi 10 GB basi, ndiye kuti disiki ya 1 TB ingasunge makope ambirimbiri a kaundula yense. Pogula, ofesi iganizire za msewu womwe disikiyo iziyendamo. Disiki yakale yokhala ndi mbale zozungulira mkati ndi yotsika mtengo koma siikonda kugwedezeka kwa panjinga yamoto kapena pathirakitala, pomwe ya mtundu wa SSD imapirira mabampu ngakhale ili yokwera mtengo.

Kope lachitatu likhale pa intaneti ngati netiweki ilipo. Masiku ano mafamu ambiri amafikiridwa ndi netiweki ya Econet kapena NetOne, ndipo Starlink idayamba kugwira ntchito m'Zimbabwe mu 2024. Ubwino wa kope la pa intaneti ndi woti moto wa ku Mvurwi sungalifike. Kuipa kwake ndi mtengo wa mabandulo, kuchedwa kwa netiweki, ndiponso kuti ofesi ikalephera kulipira kapena ikaiwala pasiwedi, khomo limatsekeka. N'chifukwa chake intaneti isalowe m'malo mwa madisiki, koma iwonjezere. Pofuna kusunga ndalama, ofesi itumize kumeneko zofunikitsitsa zokha: kaundula wa anthu, mabuku a ndalama ndi zithunzi za zikalata. Zithunzi za pamisonkhano ndi makanema zikhoza kukhala pa madisiki.

Pepala nalo lisanyozedwe. Kamodzi pachaka, mndandanda wa mayina, masiku obadwa ndi ngongole usindikizidwe, usainidwe ndi akuluakulu awiri, ndipo usungidwe m'bokosi lachitsulo kutali ndi chiswe ndi chinyontho. Pepala silifuna magetsi kapena pasiwedi kuti liwerengedwe.

Kangati, ndipo makope angati?

Funso lothandiza posankha nthawi ndi ili: seva itafa lero, ofesi ingathe kulembanso ntchito ya masiku angati? Kwa kalabu ya alimi a fodya, yankho limasintha ndi nyengo. Msika wa fodya, womwe kawirikawiri umatsegulidwa mu Malichi, ukayamba, tsiku lililonse pamalowa manambala a alimi a ku bungwe la Tobacco Industry and Marketing Board, kulemera kwa mabelo, mitengo yake, ndi ndalama zodulidwa pobweza ngongole ya feteleza ndi mankhwala. Kutaya zolemba za sabata imodzi panthawi imeneyi kungabutse mkangano wotha kugawanitsa kalabu. Choncho m'nyengo ya msika kope lizitengedwa madzulo aliwonse, pomwe m'miyezi ina kamodzi pasabata n'kokwanira. Chipatala chaching'ono chomwe chimalemba odwala tsiku ndi tsiku chisadikire Lachisanu.

Kope latsopano lisalembedwe pamwamba pa lakale. Cholakwa china chimadziwika patapita miyezi, ndipo ngati kope lililonse limafufuta linzake, cholakwacho chimakhala chitalowa paliponse. Kope lililonse likhale m'chikwatu chake cholembedwa chaka, mwezi ndi tsiku. Ndondomeko yosavuta ndi kusunga makope a masabata anayi apitawo, kope limodzi la mwezi uliwonse kwa chaka chathunthu, ndi kope limodzi la kumapeto kwa chaka lomwe silifufutidwa konse. Mapulogalamu ochita zimenezi alipo aulere: Windows Server Backup pa seva za Windows ndi rsync pa seva za Linux. Komabe pomwe magetsi ndi osadalirika, pulogalamu yotcheredwa kuti igwire ntchito pakati pausiku ikhoza kutha mwezi wathunthu osagwira, seva ili chizimire. Munthu ayenera kuyang'ana ndi maso ake kuti kope latengedwadi.

Bokosi la batire lotchedwa UPS, kapena sola yokhala ndi inveta, zimapatsa seva mpata wozima mwadongosolo. Zimenezi zimachepetsa ngozi koma sizilowa m'malo mwa kope. Mitambo yakuda ikayamba kugunda, njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi kuzula mapulagi ndi waya wa netiweki.

Kuyesa mbewu isadafike nthawi yodzala

Alangizi a zaulimi amaphunzitsa kuti mvula isadagwe, mlimi atenge njere 100, azikulunge m'chiguduli chonyowa, ndipo pakatha sabata awerenge zomwe zamera. Akapanda kutero amadzazindikira kuti mbewu yake idafa pomwe anzake akupalira. Makope nawonso amafuna kuyesedwa chimodzimodzi. Pulogalamu ikhoza kunena kuti zonse zayenda bwino pomwe disiki ili ndi mafayilo opanda kanthu, kapena pomwe chikwatu chofunikitsitsa chidaiwalika poyamba pomwe.

Kamodzi pamwezi, munthu atenge disiki, ailumikize ku kompyuta ina osati seva, asankhe mafayilo asanu mwachisawawa, ndipo awatsegule. Kamodzi pachaka, makamaka nyengo ya mvula isadayambe, ofesi iyerekeze kuti seva yafa ndipo ibwezeretse zonse pa kompyuta ina, uku ikuwerenga maola omwe ntchitoyo yatenga. Kuyesaku achite munthu wina osati yemwe amatenga makope, kuti ziwoneke ngati malangizo olembedwa akumveka kwa aliyense. Zotsatira zilembedwe m'buku wamba: tsiku, disiki, dzina la woyesa ndi zomwe wapeza.

Chinsinsi cha anthu ndi lamulo

Disiki yoyenda m'chikwama imanyamula zinsinsi za anthu: matenda awo, ngongole zawo, ndi komwe makolo awo adachokera. Ikagwera m'manja olakwika, chitetezo chimasanduka chiopsezo. Choncho disiki iliyonse yotuluka muofesi itsekedwe ndi pulogalamu yosandutsa zolemba kukhala zosawerengeka kwa wopanda pasiwedi, monga BitLocker kapena VeraCrypt, yomwe ndi yaulere. Koma pasiwediyo ikatayika, palibe katswiri angatsegule disikiyo. Ilembedwe papepala, iikidwe m'envulopu yomatidwa, ndipo isungidwe ndi akuluakulu awiri pamalo osiyana.

Nkhaniyi ilinso ndi mbali ya lamulo. Mu 2021 dziko la Zimbabwe lidakhazikitsa lamulo la Cyber and Data Protection Act, lomwe lidapatsa bungwe la POTRAZ udindo woyang'anira kasungidwe ka mbiri za anthu. Lamuloli limafuna kuti wosunga mbiri za anthu aziteteze, adziwitse POTRAZ pasadathe maola 24 ngati zabedwa kapena zaululika, ndiponso atsate zofunika zina asadazitumize kunja kwa dziko. Popeza nkhokwe zambiri za pa intaneti zili kunja, ofesi ifunse kaye malangizo isadayambe kutumiza. Malamulo owonjezera a 2024 adabweretsanso nkhani ya malayisensi kwa osunga mbiri za anthu, ndipo bungwe lililonse liyenera kufufuza ngati likukhudzidwa.

Udindo usakhale pa munthu mmodzi

M'maofesi ambiri muli mnyamata kapena mtsikana mmodzi yemwe amadziwa za makompyuta, ndipo zonse zimasiyidwa kwa iye. Tsiku lomwe adzapeze ntchito ku Harare kapena ku Johannesburg, mapasiwedi ndi nzeru zonse zidzakwera naye basi. Mutu umodzi susenza denga. Komiti isankhe anthu awiri, mmodzi wotenga makope ndi wina woyesa, ndipo malangizo onse alembedwe patsamba limodzi m'chilankhulo chomwe ogwira ntchito amamva, kaya ndi Chichewa, Chishona kapena Chingerezi. Akaunti ya pa intaneti itsegulidwe m'dzina la bungwe, osati pa nambala ya foni ya munthu mmodzi. Pamsonkhano uliwonse wa komiti, buku la makope lionetsedwe monga momwe msungichuma amaonetsera buku la ndalama.

Pulojekiti ikamatha, funso loti kaundula apita kuti liyankhidwe thandizo la ndalama lisadaume. Kope lomaliza liperekedwe mwadongosolo kwa yemwe atsale akutumikira anthuwo, ndipo zomwe sizifunikanso zifufutidwe moyenera. Chimodzimodzinso, mabanja alimbikitsidwe kujambula ndi foni makadi a kusikelo, makalata akubadwa, zitupa ndi mapepala a malipiro a penshoni ya NSSA, n'kutumiza zithunzizo kwa m'bale wodalirika. Chithunzi sichilowa m'malo mwa chikalata chenicheni, koma chimasunga nambala ndi tsiku zomwe zimafupikitsa ulendo wokatenga china.

Ndondomeko yonseyi imafuna madisiki awiri, buku limodzi, envulopu ziwiri ndi ola limodzi pasabata. Poyerekeza ndi mtengo wa seva yeniyeniyo, ndalama zake n'zochepa, ndipo ziyenera kulowa m'bajeti tsiku lomwelo lomwe seva ikugulidwa. Madzi akatayika saoleka. Seva yopsa ingagulidwe ina, koma dzina la mwana wobadwira pakomboni, likasowa m'kaundula yekhayo yemwe adalisunga, lingatenge zaka kuti lipezekenso.